Inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse ku Taiwan

Inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse ku Taiwan ndi ndondomeko ya boma yolipirira chithandizo cha kuchipatala cha anthu onse okhala pachilumbachi kuchokera m'thumba limodzi. Pa Chingerezi imatchedwa National Health Insurance, mwachidule NHI. Inayamba kugwira ntchito pa 1 Malichi 1995, ndipo lero muli anthu opitirira 99 mwa 100 alionse m'dziko la anthu pafupifupi 23 miliyoni. Munthu amasonkha mwezi ndi mwezi molingana ndi zomwe amapeza, olemba anthu ntchito ndi boma amathirapo gawo lawo, ndipo akadwala amangoonetsa khadi lake pachipatala chilichonse chomwe chili pamgwirizano ndi thumbali.

Zipatala zambiri ku Taiwan si za boma, ndipo boma silinazilande. Chomwe linatenga ndi ntchito yotolera ndalama ndi yolipira. Pachifukwa ichi akatswiri a zachuma amati iyi ndi ndondomeko ya wolipira mmodzi, ndipo Taiwan imatchulidwa kawirikawiri pakakhala mtsutso woti kodi kuchepetsa matumba ndi mapepala kungatsitse mtengo wa chithandizo. Kwa Amalawi ambiri dzikoli limadziwika ndi chipatala chachikulu cha Mzuzu, chomwe chinamangidwa ndi thandizo lake ubale wa maiko awiriwa usanathe mu 2008.

Mmene zinalili chisanafike chaka cha 1995

Kale munthu ku Taiwan ankapeza inshuwalansi malinga ndi ntchito yomwe akugwira. Inshuwalansi ya ogwira ntchito m'makampani inayamba mu 1950, ya ogwira ntchito m'boma mu 1958, ya alimi inayesedwa mu 1985 n'kufalikira dziko lonse mu 1989, ndipo ya mabanja osaukitsitsa inabwera mu 1990. Pamodzi ndi ena ang'onoang'ono, matumba onse analipo pafupifupi khumi kapena kupitirirapo pang'ono. Thumba lililonse linali ndi malamulo ake, mitengo yake ndi mafomu ake, moti chipatala chimodzi chinkayenera kulemba alembi odziwa kutumiza bilu kumalo osiyanasiyana.

Ngakhale matumba anali ochuluka chotere, anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse, kutanthauza oposa 8 miliyoni, analibe inshuwalansi ina iliyonse. Ambiri mwa iwo anali ana, okalamba ndi amayi osagwira ntchito yolembedwa, omwenso ndi anthu amene amafuna chipatala kwambiri. Bambo wogwira ntchito pafakitale ankatha kuchiritsidwa pa inshuwalansi yake, koma mwana wake akadwala, kapena mayi ake okalamba akafuna opaleshoni, ndalama zinkachoka m'thumba mwake. Zipatala zina zinkafuna ndalama ya chikole munthu asanagonekedwe.

Ndale ndi zomwe zinafulumizitsa kusintha. Ulamuliro wa malamulo a asilikali unatha mu 1987, chipani chotsutsa cha Democratic Progressive Party chinali chitakhazikitsidwa mu 1986, ndipo chipani cholamula cha Kuomintang chinayamba kuona kuti mavoti sadzabweranso okha. Poyamba boma linkati inshuwalansi ya onse idzayamba mu 2000, koma mu 1989 linasintha n'kunena kuti iyambe mu 1995. Chuma chinkakula mofulumira m'zaka zimenezo, choncho ndalama zoyambira zinalipo.

Gulu lokonza ndondomekoyi linatenga William Hsiao, katswiri wa zachuma wa pa yunivesite ya Harvard, kukhala mlangizi wamkulu. Uwe Reinhardt wa pa yunivesite ya Princeton nayenso analangiza zoti wolipira akhale mmodzi. Gululi linaunika mmene maiko monga Canada, Germany, Japan, Britain ndi America amachitira, n'kutolako zomwe linaona kuti zingagwire ntchito: thumba limodzi ngati m'zigawo za Canada, koma lodzazidwa ndi zosonkha za pamalipiro ngati ku Germany. Nyumba ya malamulo inavomereza lamuloli mu Julayi 1994, pa nthawi ya pulezidenti Lee Teng-hui. Bungwe loyendetsa thumbali linatsegulidwa mu Januwale 1995 pansi pa Yeh Ching-chuan, ndipo patangotha miyezi iwiri ntchito inayamba. Zinali zothamanga kwambiri, moti m'masiku oyamba anthu ambiri ankathandizidwa pongoonetsa chitupa cha unzika chifukwa makhadi anali asanawafikire. Komabe pofika kumapeto kwa chakacho anthu pafupifupi 92 mwa 100 alionse anali atalembetsa.

Amene amasonkha ndi mmene amasonkhera

Kulowa m'thumbali ndi lamulo, munthu sachita kusankha. Ena anakatsutsa zimenezi kubwalo, koma mu 1999 oweruza omasulira malamulo aakulu a dziko anagamula kuti kukakamiza anthu kulowa sikuphwanya malamulowo. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: anthu athanzi ndi olemera atapatsidwa mwayi wotuluka, m'thumba mungatsale odwala okhaokha ndipo lingabooke msanga. Asilikali analowetsedwa mu 2001, akaidi mu 2013. Alendo olembedwa ntchito amalowa tsiku lomwe ayamba ntchito, ndipo alendo ena okhala ndi chilolezo amalowa akatha miyezi isanu ndi umodzi.

Anthu anagawidwa m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo chosiyana pakati pa maguluwa ndi amene akulipira gawo liti. Kwa wogwira ntchito pakampani, mwiniwake amapereka 30 peresenti ya chosonkha, kampani 60 peresenti, boma 10 peresenti. Alimi ndi asodzi amapereka 30 peresenti, boma 70. Mabanja osaukitsitsa sapereka kanthu, boma limawalipirira zonse. Eni makampani amadzilipirira okha zonse. Koma akafika pachipatala onsewa amalandira chithandizo chofanana, palibe khadi la olemera ndi la osauka.

Kuyambira mu Januwale 2021 chosonkha ndi 5.17 peresenti ya malipiro. Mwachitsanzo, munthu wolandira madola a ku Taiwan 40,000 pamwezi, chosonkha chake chonse chimakwana pafupifupi 2,070, ndipo gawo lomwe amamudula iyeyo ndi pafupifupi 620. Ngati ali ndi ana kapena makolo omwe amadalira iye, amalipiranso ndalama yomweyo pa aliyense, koma salipirira anthu opitirira atatu ngakhale banja likhale lalikulu bwanji. Gawo la kampani siliwerengedwa potengera ana a wantchito aliyense, limatengera chiwerengero chapakati cha dziko lonse. Anachita dala chonchi kuti abwana asamakane kulemba ntchito anthu a mabanja aakulu.

Pali ndalama zinanso zomwe zimalowa, monga za msonkho wapadera wa fodya womwe unayamba mu 2002 ndi gawo la phindu la lotale ya boma.

Chithandizo chomwe thumbali limalipira n'chochuluka: kuonana ndi dokotala, kugonekedwa, opaleshoni, mankhwala, mano, uchembere, kutsuka magazi kwa odwala impso, matenda a maganizo, ngakhalenso mankhwala achikhalidwe cha Chitchaina operekedwa ndi madokotala ovomerezeka. Wodwala amalipirako pang'ono. Pakiliniki yaing'ono amapereka madola a ku Taiwan 50, kupatula ndalama yolembetsera yomwe imalipiridwa payokha, pomwe wopita yekha kuchipatala chachikulu chophunzitsira popanda kalata yomutumiza amapereka 420. Wogonekedwa amalipira 10 peresenti ya bilu m'masiku 30 oyamba, ndipo pali malire a ndalama zomwe angalipire pachaka. Amayi obereka, ana osakwana zaka zitatu, osauka, odwala matenda aakulu monga khansa, ndi okhala kumapiri ndi kuzilumba zakutali sapereka ndalama zimenezi.

Pomwe ndalama zinapulumuka

Funso lomwe ambiri anali nalo mu 1995 linali loti dziko lingaonjezere bwanji anthu 8 miliyoni pachithandizo popanda kugwa m'ngongole. Anthu atsopanowo anagwiritsadi ntchito mwayi wawo. Kafukufuku wa Shou-Hsia Cheng ndi Tung-Liang Chiang yemwe anasindikizidwa mu 1997 anapeza kuti omwe kale analibe inshuwalansi anayamba kupita kwa dokotala ndi kugonekedwa m'chipatala kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi kale, mpaka kufanana ndi anzawo omwe anali ndi inshuwalansi kuyambira kale. Koma ndalama zonse zomwe dziko linkawononga pa zaumoyo sizinakwere mmene anthu ankaopera. Mu 2003 Jui-Fen Rachel Lu ndi Hsiao analemba kuti ndalama zomwe zinapulumuka chifukwa cha wolipira mmodzi zinakwirira gawo lalikulu la mtengo wosamalira anthu atsopanowo.

Kupulumukako kunachokera m'zinthu zooneka zazing'ono. Thumba likakhala limodzi, sipafunika kutsatsa malonda, sipafunika antchito ofufuza ngati wofuna kulowa ndi wodwaladwala, sipakhala phindu la eni masheya, ndipo chipatala sichikambirana mitengo ndi makampani makumi angapo. Mndandanda wa mitengo ndi umodzi dziko lonse, fomu ndi imodzi, ndipo mabilu amatumizidwa pa kompyuta. Ndalama zoyendetsera bungweli zakhala pansi pa 2 peresenti ya zomwe thumba limawononga, zaka zina pafupifupi 1 peresenti yokha. Wolipira mmodzi amakhalanso ndi mphamvu pa msika wa mankhwala, chifukwa kampani yokana mtengo wake ilibe kwina kogulitsa mochuluka m'dzikomo. Ndiponso popeza mabilu onse amafika malo amodzi, n'zosavuta kuona dokotala amene akulemba majekeseni kapena kuyeza magazi mopitirira anzake, ndipo madokotala ena amapatsidwa ntchito younika mabilu otere.

Kwa zaka zambiri Taiwan yakhala ikuwononga pakati pa 6 ndi 7 peresenti ya chuma chake chonse pa zaumoyo, pomwe America imawononga pafupifupi 17 peresenti koma anthu mamiliyoni ambiri alibe inshuwalansi. South Korea, yomwe inali ndi matumba ang'onoang'ono mazana angapo, nayo inawaphatikiza kukhala limodzi mu 2000.

Khadi

Poyamba khadi linali la pepala, lokhala ndi timabokosi tisanu ndi kamodzi. Ulendo uliwonse wa kuchipatala ankadinda kabokosi kamodzi, ndipo tikadzaza munthu ankapita kukatenga khadi lina. Kuyambira mu Januwale 2004 aliyense ali ndi khadi la pulasitiki lokhala ndi kachipangizo kosunga zinthu ngati ka pa khadi la kubanki. Dokotala amalowetsa khadi la wodwala pamodzi ndi khadi lake m'makina, ndipo zomwe zachitika zimatumizidwa kulikulu pasanathe maola 24. Mu 2013 kunabwera njira ya PharmaCloud, yomwe imaonetsa dokotala mankhwala omwe wodwala walandira posachedwa kuzipatala zina, kuti asapatsidwe mankhwala omwewo kawiri kapena mankhwala osagwirizana. Pambuyo pake anaonjezeramo zotsatira za kuyeza magazi ndi zithunzi za m'thupi.

Khadili linaonetsa ntchito yake pa nthawi ya COVID-19. Kuyambira mu Febuluwale 2020 anthu ankagula masiki m'mafamase poonetsa khadi, zomwe zinaletsa munthu mmodzi kugula ambiri n'kubisa. Boma linalumikizanso mbiri ya maulendo a kunja ndi khadili, moti dokotala ankadziwa pomwepo ngati wodwala amene ali patsogolo pake wangofika kumene kuchokera kudera la mliri. Mbali inayi si onse anaikonda. Mabungwe omenyera ufulu anali atadandaula kale kuti mbiri ya matenda a anthu imaperekedwa kwa ochita kafukufuku eni ake asanafunsidwe, ndipo mu Ogasiti 2022 bwalo loona za malamulo aakulu linalamula boma kuti pasanathe zaka zitatu likonze malamulo, kuphatikizapo kupereka njira yoti munthu athe kukana.

Bajeti yokhala ndi malire

Gawo lomwe limavuta kumvetsa, komanso lomwe limayambitsa mikangano yambiri, ndi la mmene zipatala zimalipiridwira. M'zaka zoyamba thumba linkalipira pa ntchito iliyonse yomwe dokotala wachita: kuona wodwala mtengo wake, kuyeza magazi mtengo wake, kujambula mtengo wake. Njira imeneyi imakopa dokotala kuchita zambiri, ndipo pasanapite zaka zambiri zotuluka zinayamba kuposa zolowa. Boma linayankha poika malire pa ndalama zonse za chaka. Linayamba ndi madokotala a mano mu 1998, kenako a mankhwala achikhalidwe mu 2000, makiliniki mu 2001, ndi zipatala zikuluzikulu mu 2002.

Chaka chisanayambe, komiti yokhala ndi oimira osonkha, olemba ntchito, zipatala, akatswiri ndi boma imakambirana kuchuluka kwa ndalama zomwe zigwiritsidwe ntchito, n'kuzigawa ku magawo amenewa ndi kuzigawo zisanu ndi chimodzi za dziko. Mu 2022 ndalamazi zinapitirira madola a ku Taiwan 800 biliyoni. Zipatala sizilembanso bilu mu ndalama, zimalemba mapointi. Mtengo wa pointi umadziwika pambuyo, pogawa ndalama zomwe zilipo ndi mapointi onse omwe atumizidwa. Tiyerekeze kuti chigawo china chapatsidwa madola 100 miliyoni, koma zipatala zake zatumiza mapointi 110 miliyoni. Pamenepo pointi iliyonse ilipiridwa masenti pafupifupi 91 m'malo mwa dola yathunthu. Thumba silingawononge kuposa zomwe zinagwirizanidwa, ngakhale odwala achuluke.

Kumbali ya boma njirayi inagwira ntchito. Kumbali ya zipatala ili ngati anthu ambiri odyera m'mbale imodzi: aliyense amafulumiza dzanja, chifukwa akadya pang'onopang'ono anzake amutsirizira. Chipatala chomwe chachepetsa ntchito chimaluza kawiri, mapointi ake ndi ochepa ndipo mtengo wa pointi watsika kale chifukwa cha anzake. Choncho aliyense amathamangira kuona odwala ambiri.

Zotsatira zake zimaoneka m'ziwerengero. Munthu wa ku Taiwan amapita kwa dokotala pafupifupi ka 15 pachaka, zomwe ndi zochuluka kwambiri poyerekeza ndi maiko ambiri olemera. Palibe lamulo lomukakamiza kuyamba wapita kukiliniki, angathe kulunjika kwa katswiri wa kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, ndipo mizere yodikira opaleshoni kwa miyezi ngati ya ku Britain kapena Canada siichitikachitika. Koma dokotala mmodzi amatha kuona anthu makumi ambiri m'mawa umodzi, ndipo anthu kumeneko amadandaula za kuonana ndi dokotala kwa mphindi zitatu zokha. Anamwino amasamalira odwala ambiri pa malipiro ochepa, moti ambiri omwe ali ndi ziphaso anasiya ntchitoyi. Madokotala achinyamata akhala akuzemba magawo olemetsa monga matenda a m'kati mwa thupi, opaleshoni, uchembere, ana ndi odwala mwadzidzidzi, n'kumakonda magawo monga okongoletsa khungu omwe wodwala amalipira yekha. Kunena zoona, gawo lina la kutsika mtengo komwe Taiwan imatamandidwa nako linachokera pa mapepala omwe anachotsedwa, koma gawo lina likulipiridwa ndi thukuta la ogwira ntchito m'zipatala.

Kukweza chosonkha

Chosonkha chinayamba pa 4.25 peresenti mu 1995 ndipo chinakhala pomwepo zaka zisanu ndi ziwiri, ngakhale akatswiri ankachenjeza kuti sichikukwanira. Wandale aliyense amaopa kukhudza ndalamayi chisankho chikamayandikira. Chinakwera kufika pa 4.55 mu 2002 ndi 5.17 mu 2010, nthawi zonse pakati pa phokoso lalikulu. Nduna ya zaumoyo Yaung Chih-liang, yomwe inakankha kukweza kwa mu 2010, inatula pansi udindo kumayambiriro kwa 2011 nyumba ya malamulo itangovomereza kusintha kwa lamulo la inshuwalansiyi.

Kusinthako kunayamba kugwira ntchito mu Januwale 2013. Vuto lomwe ankafuna kuthetsa linali loti thumba linkadalira malipiro a pamwezi okha, choncho wantchito wamba ankasonkha pa ndalama zake zonse pomwe wolemera ndi lendi ya nyumba kapena masheya ankasonkha pa kagawo kochepa chabe. Anaika chosonkha choonjezera cha 2 peresenti pa mabonasi aakulu, lendi, chiwongoladzanja cha kubanki, phindu la masheya ndi ndalama za maganyu, ndipo analamula kuti gawo la boma lisatsike pansi pa 36 peresenti. Ndalama zitachuluka, chosonkha chachikulu chinatsitsidwa kufika pa 4.91 mu 2013 ndi 4.69 mu 2016. Kutsitsa kwachiwiriku kunali kofulumira, chifukwa posakhalitsa zotuluka zinayambanso kuposa zolowa, ndipo mu 2021 anabwerera pa 5.17, choonjezera chija n'kufika pa 2.11. Lamulo silimalola kupitirira 6 peresenti, choncho mpata wotsala ndi wochepa. M'chaka chomwecho cha 2013 bungwe loyendetsa thumbali linasinthidwa dzina kukhala National Health Insurance Administration, pansi pa unduna wa zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu.

Chomwe chikukankha mtengo kwambiri ndi ukalamba. Mu 2018 anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo anakwana 14 peresenti ya anthu onse ndipo akuchulukirabe, pomwe ana obadwa ndi ochepa kwambiri. Osonkha pa malipiro akuchepa, ofuna chithandizo chokwera mtengo akuchuluka. Mankhwala atsopano a khansa nthawi zina amatenga nthawi yaitali asanalowe pamndandanda wa zomwe thumba limalipira, ndipo mabanja ambiri amagulanso inshuwalansi ya makampani kuti iwathandize pa zinthu zotere ndi pa zipinda zapadera za m'chipatala.

Omwe khadi lokha silinawakwanire

Kukhala ndi khadi sikuthandiza ngati kumene munthu akukhala kulibe dokotala. Kumapiri a pakati pa chilumba, komwe kumakhala mitundu ya eni nthaka oyambirira, ndi kuzilumba zazing'ono monga Lanyu, anthu ankasonkha ngati wina aliyense koma chipatala chinali kutali. Kuyambira mu 1999 bungweli limalipira zipatala zikuluzikulu kuti zizitumiza madokotala, magalimoto a chipatala ndi akatswiri kumadera amenewa pa masiku okhazikika. Kafukufuku wa Chi Pang Wen ndi anzake yemwe anatuluka mu 2008 anapeza kuti m'zaka khumi zoyamba za inshuwalansiyi, zaka zomwe anthu amayembekezeka kukhala ndi moyo zinakwera kwambiri m'madera omwe kale anali otsalira pa zaumoyo, ngakhale kusiyana ndi madera olemera kunachepa pang'ono chabe.

Gulu lina linali la anthu olephera kusonkha. Kwa zaka zambiri munthu akakhala ndi ngongole ya zosonkha, khadi lake linkatsekedwa, ndipo ena ankangopirira matenda kunyumba poopa kukabwezedwa pachipatala. Boma linkapereka ngongole zopanda chiwongoladzanja ndi mwayi wolipira pang'onopang'ono, koma si onse ankadziwa kapena kulimba mtima kukapempha. Mu Juni 2016 makhadi onse otsekedwa anatsegulidwa. Kuyambira pamenepo ngongole imatoleredwa payokha, kudzera m'makalata ndi njira za malamulo kwa omwe angathe kulipira, koma wodwala akafika pachipatala khadi lake limagwira ntchito.